Anali denga la nkhuku, lero tikudyerapo

Kwathu ku Mtiya, m'tsinde mwa phiri la Zomba, kuli tebulo. Chaka chatha chilowereni m'nyumba, koma mpaka lero aliyense wofika pakhomo ndimamugwira dzanja n'kumulowetsa kuti alione. M'litali ndi mamita 2, m'lifupi masentimita 90, ndipo thabwa lake lapamwamba lokha amuna awiri amanyamula akupumira m'mwamba. Ndi lofiirira, lamizeremizere yagolide, ndipo dzuwa la m'mawa likalowa pazenera limangoti waliwali. Mulibe msomali ngakhale umodzi. Muligwedeze ndi manja onse awiri, mulitsamire, mwana akwerepo n'kudumpha, ilo lili nji! Koma chimene chimandikomera koposa n'chakuti matabwa ake sitinagule kwa munthu. Zaka zonsezi anali kuseri kwa nyumba yathu yomweyi, atafoleredwa pakhola la nkhuku, akuda bii, oyanga ndere, odzaza zitosi. Tonse pakhomo pano tinkangoti ndi nkhuni zodikira tsiku lake.

Kuti mumve kukoma kwa nkhaniyi, muyambe mwalidziwa tebulo lomwe tinali nalo kale. Linali la paini, logula m'mbali mwa msewu, lokhomedwa ndi misomali mofulumira. Mtengo wa paini sindiunyoza ayi. Unachokera kutali ku Mexico, unakonda kuzizira kwa phiri lathu, ndipo ndiwo wafolera nyumba zambiri mu Zomba muno. Mabanja ambiri amadya chifukwa cha iwo: ocheka matabwa kumtunda, anyamata otsika nawo pamutu, akalipentala a ku Chinamwali ndi ku Matawale. Koma ndi mtengo wofewa, ndipo nyengo ya kuno sichitira chifundo msomali wokhomedwa m'thabwa lofewa. Mvula ikayamba thabwa limamwa chinyezi n'kufufuma. Mu Juni chiperoni chimalinyowetsanso. Dzuwa la Okutobala likafika limauma n'kubwerera. Chaka ndi chaka bowo la msomali limakulirakulira, mpaka msomali umangosewera m'katimo. Lathu linafika poti mwendo umodzi tinkauikira katoni yopinda, ndipo wina akangotema nsima, msuzi unkatayikira mnzake wa tsidya lina.

Mapeto ake tinalisiya. Linasanduka poponyapo makiyi, zikwama za ana ndi wailesi. Nthawi ya chakudya aliyense ankalowera kwake: ana pamkeka pakhonde, bambo awo pampando mbale ili pamiyendo, ine kukhitchini pafupi ndi mbaula. Nyumba inali imodzi, koma tinkadya m'malo atatu, ndipo nkhani za tsikulo zinkatha osakambidwa.

Matabwa a pakhola aja anali a bambo anga malemu. Iwo ankagwira ntchito m'boma nthawi imene Zomba inali likulu la dziko. Mzinda uno unakhala likulu kuyambira 1891, m'masiku a Harry Johnston, mpaka 1975 pamene boma linasamukira ku Lilongwe, ndipo nyumba zakale zamakonde akuluakulu zomwe zili m'munsi mwa phirimu zinamangidwa mitengo yachilengedwe idakali mbwee. Ina mwa nyumbazo itayamba kukonzedwa, bambo anagula zitseko zakale, mashelefu ndi mitanda ingapo yomwe omanga anachotsa. Ankati adzapangitsa china chake chooneka akadzapuma pantchito. Anapuma, anakalamba, anatisiya, matabwa ali pomwepo. Achimwene anga ndiwo anadzawatenga n'kufolera nawo khola, n'kusanjikapo lata lakutha ndi miyala.

Kenako kunabwera namondwe wa Freddy mu Malichi 2023. Anthu ambiri m'chigawo chakummwera anataya abale ndi nyumba, ndipo ife tinagwada kuthokoza Mulungu kuti kwathu kunagwa khola lokha. Madzi ataphwa tinaitana amisiri ena achikulire a m'dera lathu lomweli kuti atimangire lina. Ukalipentala anauphunzira kwa atsibweni awo, omwe kalekale ankagwira ntchito ku PWD, nthambi ya boma ya zomangamanga. Anayamba kuchotsa matabwa limodzilimodzi. Atanyamula lina anaima. Analikweza, kulitsitsa, kuligogoda ndi chala, kenako anatulutsa kampeni m'thumba n'kupala pang'ono pakona. Pansi pa litsiro lija panatuluka kufiira kuti psuu.

"Mayi, matabwa awa mukufuna kutani nawo?"

"Ndi nkhuni, bambo. Mukamaliza anyamata awaza."

Anavula chipewa n'kukhala pamwala. "Chonde mayi, nkhwangwa isayandikire pano. Uwu ndi mlombwa. Uwo ndi m'bawa. Nkhuku zanu zakhala zikugona m'nyumba yodula kuposa yanga."

Tinaseka mpaka misozi, koma iwo sankaseka. Anagwada m'matope n'kuyamba kusankha. Panapezeka matabwa anayi otakata a mlombwa, mitanda itatu yochindikala ya m'bawa, ndi zidutswa zina zifupizifupi.

Amene anakulira kumudzi mlombwa amaudziwa. Ukautema umatulutsa utomoni wofiira, ndipo zipatso zake zozungulira, zaminga pakati, zimatsala lendelende panthambi masamba onse atayoyoka. Umakula mochedwa kwambiri. Kamtengo kake kamaphuka ndi mvula, n'kuuma kumtunda m'chilimwe, n'kuphukanso, zaka zingapo kakungokulitsa mizu, ndipo kuti ufike pochekedwa thabwa lotakata pamapita zaka makumi ambiri. Koma mtima wa mtengowu ndi chuma. Chiswe chimaulambalala, ndipo ukauma sufufuma kapena kupindika kwambiri, n'chifukwa chake makolo ankasemera ng'oma ndi mabwato. Matabwa a bambo anamenyedwa ndi mvula ndi dzuwa zaka zonse zija, koma pofumbwa panali m'mphepete moyera mokha. Tinacheka m'mphepetemo, m'kati muli bwinobwino. M'bawa nawo tonse a ku Zomba timaudziwa, chifukwa mibawa ikuluikulu ndiyo imatipatsa mthunzi m'misewu yakale ya mzinda uno. Ndi wolimba, woyenera miyendo ndi mitanda.

Kachidutswa kamodzi kanali kopepuka, kotuwa. Amisiri atakapala, fungo lokoma linadzaza pabwalo ponse, ndipo anandipatsira kuti ndinunkhize. Unali mkungudza, mtengo wa fuko lathu wa m'phiri la Mulanje, umene dzina lake la sayansi limakumbutsa Alexander Whyte, yemwe anayamba munda wa zomera kuno ku Zomba. Kameneko anakaika pambali. Anati patebulo sikangagwire ntchito, koma m'bokosi la zovala kadzathamangitsa njenjete. Pano kali m'sutikesi mwa nsalu zanga za ku Mvano.

Ine ndinkafuna ntchito iyambe mawa lake lomwelo. Amisiri anakana. Matabwa anali atakhuta mvula ya namondwe, ndipo thabwa lonyowa ukalilumikiza lero, likamauma limasiya mipata. Anawatsuka ndi burashi, n'kuwasanja pakhonde pamthunzi, timitengo pakati pa thabwa ndi linzake kuti mphepo izidutsa, miyala pamwamba kuti asapindike. Nthawi ndi nthawi ankabwera kudzatenga kachidutswa kamodzi n'kukakayeza pasikelo ya pagolosale. Chisanu chinadutsa, mphepo ya Ogasiti inadutsa, ndipo kulemera kwa kachidutswa kaja kutasiya kutsika anati, "Tsopano tiyeni."

Mwana wanga wachisamba anali atangolemba mayeso a Fomu 4, akungokhala pakhomo. Amisiri anamupatsa ntchito yoyamba: kusaka misomali yakale yothyokera m'matabwa. Msomali umodzi wobisala umatha kuswa mpeni wa puleni womwe munthu wanola m'mawa wonse. Mnyamatayo anamasula maginito kusipika ya wailesi yakufa, n'kumaiyendetsa pathabwa pang'onopang'ono. Ikakakamira ankalemba ndi choko n'kukumba. Anadzaza chitini. Ndinamuona akudzuka m'mamawa popanda womudzutsa, ndipo mtima wanga unayamba kale kuvina tebulo lisanaoneke n'komwe.

Pulani yake amisiri sanaijambule papepala. Anaijambula ndi choko pasimenti ya pakhonde, kukula kwake kwenikweni, kuti tonse tiimepo n'kuona. Silinali tebulo la miyendo inayi m'makona lomwe tinazolowera. Linali la miyendo iwiri yokha, ikuluikulu, wina uku wina uko. Mwendo uliwonse uli ndi zigawo zitatu: phazi lalitali logona pansi, mzati wotakata woimirira pakati pake, ndi mtanda waufupi pamwamba wonyamula thabwa lodyerapo. Miyendo iwiriyo imagwirizanitsidwa ndi mtanda umodzi wautali wodutsa pansi pa tebulo. Msinkhu wake masentimita 75. Miyendo anailowetsa m'kati masentimita 40 kuchokera kumapeto, kuti wokhala kumutu kwa tebulo akhale ndi poika mawondo. Munthu mmodzi amafuna malo a masentimita 60 kuti adye zigongono zisakugundana, ndiye atatu mbali iyi, atatu mbali iyo, mmodzi kumutu uku, wina uko: anthu asanu ndi atatu, palibe wolimbana ndi mwendo wa pakona.

Matebulo a mtundu uwu ndi akale. Ku Ulaya, zaka mazana angapo zapitazo, m'nyumba zikuluzikulu ankadyera pamatabwa ongosanjika pamiyendo yotere, akatha kudya n'kuchotsa kuti papezeke malo. Ubwino womwewo ndi umene amisiri anationera ife. Njira yofika kwathu ndi yokwera, yopapatiza, ndipo khomo lathu ndi laling'ono. Komanso pakhomo pa Mmalawi tebulo silikhala m'nyumba masiku onse. Pali chinkhoswe, pali maliro, pali ubatizo wa mwana, ndipo limafunika panja. Tebulo lomasuka m'zigawo n'kumangidwanso ndilo loyenera moyo wathu.

Tsono apa ndi pamene pali luso lenileni. Mzati umalowa m'phazi kudzera m'bowo lamakona anayi lomwe akalipentala amati motisi, ndipo nsonga yosemedwa yolowa m'menemo ndiyo tenoni. Aliyense amene anagwirapo khasu akuchidziwa kale chinsinsi chake: msuka umalowa mumpini popanda msomali, ndipo ukakhwepa umangougogoda pamwala, n'kugwiranso nganganga. Anthu akhala akulumikiza matabwa motere kuyambira kalekale. Bwato la mfumu Khufu ya ku Egypt, lomwe linakwiriridwa pafupi ndi piramidi yake zaka pafupifupi 4,500 zapitazo n'kupezeka mu 1954, matabwa ake anagwirana ndi matenoni ndi zingwe. Msomali umagwira ndi kachitsulo kowonda pamalo amodzi, ndipo dzimbiri limaudya. Tenoni imagwira ndi thupi lonse la mtengo, mbali zonse zinayi.

Ndinkasiya ntchito zanga kuti ndizionerera. Amisiri ankayamba ndi motisi. Ankalemba mizere ndi mpeni, osati pensulo, chifukwa mzere wa pensulo ndi wonenepa ndipo tchizulo sichiumva. Kuchindikala kwa tenoni ankakutenga kukhala gawo limodzi mwa magawo atatu a thabwa, kuti tenoni isachepe mphamvu komanso makoma a bowo asaonde. Ankakumba kuchokera pakati kupita kumapeto, theka mbali iyi, kutembenuza, theka mbali inayo, kuti potulukira pasang'ambike. Nyundo yawo inali yamtengo, yakuda ndi thukuta la zaka, ndipo kulira kwake kunkamveka mpaka kumsewu: go, go, go, kenako zii, akupemerera tizipalo m'bowo. Tenoni ankaicheka yonenepako dala, n'kumaisenga pang'onopang'ono mpaka izilowa ndi mphamvu ya dzanja lokha, koma ukatukula mzati phazi osagwa. Ikalowa molimba kwambiri imang'amba phazi. Ikalowa mosewera ndiye kuti wabwerera kutebulo lakale lija. Pakati pa ziwirizi pali kampata kochepa zedi, ndipo manja awo ankakadziwa.

Panali kanzeru kena komwe kanandichititsa kuwomba m'manja. Anaboola phazi mopingasa, tenoni isanalowe. Kenako analowetsa tenoni, n'kulemba pomwe bowolo lagwera, n'kuitulutsanso. Poboola tenoniyo sanaboole pachizindikiro penipeni, anasendeza mamilimita 2 chakumene tenoni imayambira. Mabowo awiriwo anakhala osemphana pang'ono. Atakhoma kachikhomo kosongoka, kachikhomoko pofuna njira kanakoka mzati n'kuukanikiza paphazi, mpata wonse n'kutseka kuti thi, moti ngakhale tsitsi silingalowe. Tizikhomoto sanaticheke ndi sowo. Anatiwaza kuchokera kuchidutswa chowongoka, kuti mitsempha ya mtengo iyende yathunthu kuchokera nsonga iyi kufika inayo, tisathyoke tikamapindika m'katimo. Mwana wanga anasema tizikhomo tonse yekha, ndipo madzulo ankatinyamula m'thumba kukaonetsa anzake.

Mtanda wautali ndiwo msana wa tebulo lonse. Nsonga zake zonse ziwiri ndi matenoni aatali, obowoleza mzati n'kutulukira kunja. Pachotulukiracho pali bowo lopendekeka, ndipo m'menemo mumalowa chikhomo chachikulu chophwatalala, chonenepa kumutu, chowonda kunsonga. Bowolo analilowetsa m'kati mwa mzati pang'ono, kuti chikhomo chikamatsika chizikankha mzati weniweniwo. Ukachigogoda chimakoka mtanda, miyendo yonse iwiri n'kuuma gwa. Apa sanapakepo guluu ngakhale dontho. Ukafuna kumasula umagogoda chikhomo kuchokera pansi, chimatuluka, tebulo n'kugawika. Zikhomo ziwirizo anazisema ndi mlombwa wakuda kwambiri, ndipo pam'bawa wofiira zimaoneka patali. Alendo ambiri amaganiza kuti n'zokongoletsera, osadziwa kuti ndizo zagwira zonse.

Tsiku lopala matabwa a pamwamba sindidzaliiwala. Puleni itadutsa koyamba inachotsa zakuda zokhazokha. Kachiwiri kunayamba kuoneka mawanga. Kachitatu, mayo ine! Mlombwa unatseguka, wofiirira apa, wagolide apo, mizere yakuda ikuyenda mokhotakhota, ndipo zipalo zopotana zinkagwa pansi zikutulutsa kafungo kokoma. Ana anazitola n'kumaziika m'makutu ndi m'tsitsi. Anansi odutsa ndi mitolo ya nkhuni kuchokera kuphiri anatula pansi n'kuima. Mayi wina anafunsa kuti matabwa okongola chonchi tawagula kuti, ndipo nditaloza pomwe panali khola anagwira pakamwa. M'bawa unavutako, chifukwa mitsempha yake imapingasana, puleni ikamapita uku imasalaza, pang'ono pokha n'kuyamba kuzula. Pamenepo amisiri anasiya puleni n'kutenga chidutswa cha galasi, n'kumapala nacho mopendeketsa mpaka pathabwa panangoti see.

Kuti matabwa anayi akhale limodzi, m'mbali mwake anawongola ndi puleni yaitali. Ankasanjika awiri n'kuyang'ana kudzuwa, ndipo kuwala kukadutsa ankapalanso. Pakati ankasiya kampata kosaoneka ndi maso, kuti akapana kumapeto kugwirane kwambiri, poti thabwa limayamba kuuma ndi kung'aluka kumapeto. Apa ndi pokhapo pamene panalowa guluu. Zopanira zachitsulo zazitali chotero analibe, ndiye anakhoma chimango chamitengo pansi n'kupana matabwa ndi zikhomo, n'kukulunga ndi mphira za chubu cha galimoto. Kunsi kwa thabwa lalikululo anasema ngalande ziwiri zopingasa, zopapatiza kukamwa, zotakata m'kati, n'kulowetsamo mitanda iwiri yosemedwa mofanana nazo kuchokera m'mbali. Mitandayo singagwe, imaletsa thabwa kupindika, koma imalilola kufufuma ndi kubwerera momwe nyengo ikufunira, chifukwa anaikhomera kachikhomo kamodzi pakati pokha. Mitanda yomweyi ndiyo imakhala pambali pa mitu ya miyendo, tizikhomo tinayi tozuka n'kuzigwirizanitsa. Amisiri anandiuza kuti thabwa lotakata ukalimanga mbali zonse, tsiku lina limadzimasula lokha pong'ambika pakati.

Panali mabowo a misomali yakale, lililonse ndi kabwalo kakuda komwe dzimbiri linasiya, komanso pamalo pena pomwe panali loko wa chitseko. Amisiri anafunsa ngati ndikufuna kuti abise zonsezo ndi utoto. Ndinati ayi, bambo, zisiyeni zioneke. Anatseka mabowo ndi timitengo ta mlombwa womwewo, ndipo pa loko anaikapo chigamba chamakona anayi chosemedwa mwaluso moti chala sichimva polumikizira. Chigamba chimenecho chili kumutu kwa tebulo, ndipo ndi pamalo panga. Dzanja la bambo anga linagwirapo pamenepo akunyamula chitsekocho kubwera nacho kuno, ndipo ine ndimaikapo kapu yanga ya tiyi m'mawa uliwonse.

Vanishi tinamukana, ndipo ndikanakonda anthu ambiri akanamamukana pamitengo yotere. Vanishi wochindikala amakuta thabwa, poto wotentha akamukhudza amayera, chinyezi chikalowa pansi pake amasupuka, ndipo kukonza kwake n'kupala tebulo lonse. Ife tinapaka mafuta a linisidi, ndipo ntchito imeneyo amisiri anandipatsa ine. Ndinaviika kansalu n'kupaka pakona. Abale, mtengo unayaka! Mitundu yomwe ndinkaiyesa yokongola kale inazama, mizere yagolide inatuluka poyera, ndipo ndinangozindikira ndikuimba nthungululu ndekha pakhonde. Tinkapaka mopyapyala, kudikira pang'ono, kupukuta otsala, kusiya kuti aume, n'kubwerezanso. Pomaliza tinapaka phula la njuchi n'kupukuta mpaka mikono kuwawa. Tinsalu tamafutato amisiri anatiuza kuti tiziyanika totambasula panja, chifukwa tikaunjikidwa pamodzi timatentha tokha mpaka kubuka moto.

Kulimanga m'nyumba kunatenga nthawi yochepa kuposa yophika tiyi. Mwendo uku, mwendo uko, mtanda pakati, zikhomo go, go, thabwa pamwamba, tizikhomo tinayi, basi. Amisiri anadzaza kapu ndi madzi mpaka ndendende, n'kuiika pakati, n'kuuza mnyamata wanga kuti akhale pakona. Anakhala, anasuntha, anatsika. Dontho silinagwe. Achimwene anga, omwe anafolera khola aja, anafika nthawi yomweyo. Analizungulira, analisisita, kenako anagwada n'kulowa pansi ndi tochi ya pafoni.

"Achemwali, mukundinamiza. Misomali mwaibisa pati?"

"Sakani, achimwene. Mukaupeza umodzi, tebulo mutenge."

Anatuluka fumbi lili m'mawondo, akuseka, n'kukagwira chanza amisiri ndi manja awiri.

Madzulo amenewo tinaphika mpunga wa ku Domasi, matemba a ku Chilwa, nkhwani wotendera, ndi tambala wamkulu, mmodzi mwa omwe anakulira pansi pa matabwa omwewo. Panali thobwa, panali sitiroberi zomwe anyamata amagulitsa m'njira yokwera ku Ku Chawe. Amisiri tinawakhazika kumutu. Tinadalitsa chakudya, aliyense anatema nsima mwamphamvu dala kuti aone, ndipo msuzi unangokhala phee m'mbale. Wamng'ono wathu anayamba kusimba za kusukulu, wina anamutsutsa, bambo awo analowererapo, ndipo mbale zinauma m'manja tisanadzuke.

Kuyambira pamenepo mkeka wa pakhonde ndi wopumirapo chabe. Ana amalemba ntchito ya kusukulu patebulo, atatu nthawi imodzi, wina akafufuta mnzake osalakwitsa. Ine ndimadulirapo nsalu ndi kusankhirapo nyemba. Amayi a banki m'khonde anasamutsira msonkhano kwathu chifukwa ndalama ndi mabuku zimayalika bwino. Pa chinkhoswe cha mwana wa achemwali anga tinazula zikhomo, anyamata ananyamula chigawo chimodzichimodzi kukwera nacho mtunda, ndipo mphatso zonse zinaunjikidwa pamenepo. Dzinja lathunthu ladutsa, chiperoni chadutsa. Dzuwa la Okutobala litafika mtanda unakhwepa pang'ono, monga amisiri ananenera, ndipo ndinatenga nyundo yamtengo ndekha n'kugogoda chikhomo chilichonse kamodzi. Linabwerera mwakale nthawi yomweyo.

Anthu ena akaliona amati nawonso akufuna la mlombwa, ndipo amafunsa komwe angapeze ocheka. Apa ndimayankha mosabisa. Tikakweza maso kuphiri lathu timaona tokha malo omwe ayera, ndi moto womwe umalusa chilimwe chilichonse, pomwe madzi omwe timamwa mumzinda muno amachokera ku Mulunguzi, pamwamba pomwepo. Lamulo la nkhalango la 1997 linakhwimitsidwa mu 2020, ndipo mu 2022, pamsonkhano wa CITES ku Panama, mayiko anagwirizana zoika mlombwa ndi m'bawa pamndandanda wa mitengo yomwe malonda ake opita kunja ayenera kuyang'aniridwa. Mkungudza unalowa kale pamndandandawo mu 2019. Sindikufuna kuti chimwemwe changa chigwetse mtengo wina womwe wakhala ukukula kuyambira agogo ali ana. Mitengo yolimba yomwe inadulidwa kale ilipo yambiri mu Zomba muno, ndipo ikuwolera m'makola, m'mabafa akuseri ndi m'milu ya zinyalala pomwe nyumba zakale zikugwetsedwa. Imeneyo ndiyo tiisake. Ndalama yomwe ikanapita kwa wocheka mobisa ipite kwa mmisiri wodziwa kusema tenoni, poti ntchito yotere imadya masiku ndipo iyenera kulipidwa mosanyinyirika.

Ndipo anthu ayamba kusaka. Bambo wina wa kumtunda kwathu anazula chitseko chomwe chinali mlatho wodumphira ngalande, n'kubwera nacho pamutu kudzafunsa ngati chili kanthu. Chinali m'bawa. Mayi uja anagwira pakamwa wapeza mitanda iwiri pansi pa nkhokwe ya amayi ake. Pakhonde pa amisiri tsopano pasanjikizana matabwa akuda odikira kuuma, lililonse lolembedwa ndi choko dzina la mwini wake, ndipo amene akuyendetsa maginito pamwamba pake ndi mwana wanga. Akuti akufuna kukapitiriza ukalipentala kusukulu ya ntchito zamanja, ndipo maso ake ali pa Nasawa. Pakali pano wapatsidwa ntchito yake yoyamba yoti aigwire yekha kuyambira pojambula mpaka popaka mafuta: mabenchi awiri aatali a tebulo lathu. Matabwa ake ndi a malaina omwe tinadzala tokha m'malire a munda, auma kale, ndipo Loweruka likubwerali akuyamba kukumba mamotisi.